Mano akamalasa m'chisanu cha ku Joni: zochita kuyambira m'mawa mpaka pogona

Inu amene mwafika kuno chaka chino, chisanu cha Johannesburg musachiyerekeze ndi cha kumudzi. Ngakhale wa ku Dedza kapena wa ku Mzimba, amene amati kuzizira anakula nako, June akakwana amavomera yekha kuti ichi n'china. Chiperoni cha ku Blantyre ndi ku Thyolo chimabwera ndi nkhungu komanso kamvula kowaza. Cha kuno n'chouma gwa. Mzindawu uli pamwamba, mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo miyezi ya June, July ndi August mvula ndi ya apo ndi apo. M'bandakucha kumazizira kufika pafupi ndi madigiri 0, udzu n'kuyera mbuu. Amene analipo pa 10 July 2023 anaona okha chipale chofewa chikugwa mumzinda muno.

Chaka changa choyamba ndinkagwira ya ulonda wa usiku. Ikamakwana 4 koloko m'mawa, ndikangokoka mpweya ndi pakamwa, dzino la m'munsi kumanzere linkandilasa mpaka m'khutu. Ndinkauza aliyense kuti chisanu cha kuno chandiphera dzino. Nditapita kuchipatala, adokotala anandipatsa kagalasi n'kundionetsa zinthu ziwiri. Nkhama zinali zitatsika chifukwa chokwecha mano ndi mswachi wolimba kwa zaka zambiri, ndipo pakati pa mano awiri panali kabowo kobwera ndi tiyi wa shuga amene ndinkamwa usiku wonse kuti ndisagone. Chisanu chinangondiululira vuto limene linalipo kale. Ndiye chimene ndikufuna mumvetse musanawerenge zina zonse n'chakuti kuzizira pakokha sikubowola dzino. Kumapweteketsa pamene pafooka kale, kenako kumatisintha khalidwe: tiyi amachuluka, madzi timasiya kumwa, timapumira m'kamwa, ndipo usiku timathawira m'bulangete osatsuka mano.

Yambani ndi kuumvetsera ululuwo

Kunja kwa dzino kuli chikuto choyera chimene madokotala amati enamel. N'cholimba kuposa fupa lililonse m'thupi ndipo sichimva kanthu. Pansi pake pali gawo lachikasu lotchedwa dentine, lokhala ndi timabowo tosaoneka ndi maso, todzaza ndi timadzi, tolunjika ku mtsempha wa pakati pa dzino. Enamel ikaperepeseka, kapena nkhama zikatsika n'kusiya muzu pamtunda, timabowo tija timakhala pambalambanda. Mphepo yozizira ikatikhudza, timadzi tija timasuntha mwadzidzidzi, mtsempha n'kumva ngati walasidwa ndi singano. Muzu ulibe enamel n'komwe, n'chifukwa chake ululu wambiri umamvekera m'mphepete mwa nkhama.

Koma si ululu wonse umene uli wa mtundu umenewu, choncho musanagule mankhwala alionse, khalani tsiku limodzi kapena awiri mukuumvetsera. Ngati dzino lalasa pamene mwamwa madzi ozizira kapena mwakoka mpweya, kenako n'kuleka pakangopita timasekondi, kumeneko ndi kuyayamira wamba, ndipo zambiri zimene ndalemba m'munsimu zikuthandizani muli pakhomo. Ngati ululu ukupitirira theka la mphindi chozizira chija chitachoka, kapena ukuyamba wokha, ukugunda ngati mtima, ukukudzutsani pakati pa usiku, ndiye kuti mtsempha wa m'kati watupa. Pamenepo palibe kolijeti amene angachize, n'kofunika dokotala wa mano. N'chimodzimodzi dzino limene limapweteka mukaluma chinthu kapena mukamasula: kawirikawiri limakhala ndi mng'alu.

Pali wina umene umapusitsa anthu ambiri nyengo ino. Muli ndi chimfine, mphuno zatseka, kenako mano angapo a m'mwamba chakumbuyo ayamba kuwawa onse pamodzi, ndipo mukawerama kuti mumange nsapato ululu ukuwonjezeka. Mizu ya mano amenewa inayandikana kwambiri ndi timphako ta m'masaya tolumikizana ndi mphuno. Timphakoti tikadzaza mamina timapanikiza mizu ija. Manowo amakhala alibe vuto, ndipo chimfine chikatha ululu umatha nawo. Musathamangire kukazulitsa dzino labwinobwino. Koma ngati chimfine chatha ndipo dzino limodzi latsala likuwawa, kalipimitseni.

Womaliza ndi wa nsagwada. Munthu ukazizidwa umakweza mapewa n'kuluma mano osadziwa, ena mpaka kukukuta mano kutulo. Mukamadzuka nsagwada zili zotopa, mutu ukuwawa cha m'mbali, mano onse akumveka ngati mwatafuna chimanga chokazinga usiku wonse, ganizirani zimenezi.

M'mawa, musanatuluke

Madzi a pampopi mu July amazizira mpaka kuwawitsa zala, ndiye anthu amangopaka mswachi kawiri katatu n'kulavula. Chitani izi: ketulo ikawira, thirani pang'ono m'kapu ya madzi ozizira kuti akhale ofunda, ndipo muviikemo mswachi. Tsukani mphindi ziwiri zathunthu.

Mswachi ukhale wofewa. Yang'anani paketi, pakhale mawu akuti soft. Ambirife tinakula tikukhulupirira kuti mswachi wolimba ndiye umayeretsa, ndipo timakwecha ngati tikutsuka poto wa nyemba zopserera. Zimenezi ndi zimene zinatsitsa nkhama zanga, ndipo nkhama zikatsika sizikweranso. Gwirani mswachi ndi zala ngati cholembera, muupendeketse pamene dzino lakumana ndi nkhama, muziuyendetsa mozungulira pang'onopang'ono. Ukayamba kuyangalala ngati tsache lakutha, kapena pakatha miyezi itatu, gulani wina. Amene mumakonda kamtengo kotsukira mano, ngati kamene kamapezeka m'mashopu a ku Mayfair ndi Fordsburg, palibe choletsa, bola musakwechere mwamphamvu, ndipo kolijeti musamusiye. Makala, phulusa, soda ndi mchere wokhuthala zisayandikire mano oyayamira. Zimayeretsa pochotsa enamel yomweyo imene mukuifuna, ndipo enamel ikatha simeranso.

Kolijeti akhale wa fluoride, mankhwala olimbitsa mano. Pa chubu amalemba timanambala tosonyeza kuchuluka kwake, ndipo kwa munthu wamkulu wabwino ndi wa 1,450 ppm kapena kuyandikira pamenepo. Ngati mano akuyayamira, gulani wopangidwira vutolo, monga Sensodyne kapena Colgate Sensitive. Ena mwa mankhwalawa amatseka timabowo tija, ena amagonetsa mtsempha. Apa ndi pamene anthu amataya mtima msanga: amatsukira masiku atatu n'kunena kuti ndalama yapita pachabe. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Apatseni masabata awiri mpaka anayi, m'mawa ndi usiku osadumphitsa, ndipo musamasinthanitse ndi wina. Ngati mwezi watha osasintha kanthu, mwina pali bowo kapena mng'alu, pitani akakuoneni.

Mukamaliza, lavulani thovu basi, osachukucha ndi madzi. Poyamba zimamveka zachilendo, koma mukachukucha mumataya fluoride amene amayenera kutsalira pa mano kuti awalimbitse.

Panjira

Amene mumakwera takisi ya 5 koloko kuchokera ku Diepsloot, Tembisa kapena Cosmo City, ndiponso amene mumaima pamzere ku Bree kapena ku Noord kudikira yachiwiri, nthawi imeneyi ndi imene mano amakumana ndi mphepo yoipitsitsa. Kulungani sikafu mpaka kuphimba pakamwa ndi mphuno, ndipo muzipumira m'mphuno milomo ili yotseka. Mphuno imafunditsa mpweya n'kuunyowetsa usanalowe, pamene pakamwa umangofikira pa mano uli wozizira. Valani chipewa chophimba makutu, khosi likhale lofunda, chifukwa thupi likafunda nsagwada zimamasuka. Mukazindikira kuti mwaluma mano, asiyanitseni. Munthu akangokhala, milomo imagundana koma mano a m'mwamba ndi a m'munsi sayenera kukhudzana.

Tiyi wa kuntchito

Apa ndichedwapo, chifukwa mano ambiri a abale athu akuthera pamenepa. Wa m'galadeni, wa m'nyumba ya bwana, mlonda, wosoka, wa mushopu, tonsefe nyengo ino tiyi ndiye bulangete lathu la masana. Tiyi alibe mlandu. Vuto ndi shuga, makamaka kamwedwe kake.

M'kamwa muli tizilombo timene timadya shuga n'kutulutsa asidi. Nthawi iliyonse imene chotsekemera chalowa, asidiyo amasungunula enamel kwa mphindi 20 mpaka 30 kapena kuposerapo, kufikira malovu atamutha mphamvu n'kuyamba kubwezeretsa zimene zasungunuka. Munthu amene wamwa kapu yake nthawi imodzi pa chakudya cha m'mawa, mano ake amavutika kamodzi n'kupuma. Koma amene waika fulasiki pambali n'kumapsontha pang'onopang'ono kuyambira 7 koloko mpaka 12, mano ake amakhala mu asidi m'mawa wonse. Ine ndinkachita zimenezi usiku wathunthu, nthawi imene malovu amakhala ochepa kale.

Tawerengani nokha. Bungwe la WHO, loona za umoyo padziko lonse, limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire magalamu pafupifupi 50 a shuga wothira patsiku, amene ndi timasupuni ta tiyi 12, ndipo limati ndi bwino kwambiri kutsika kufika pa 6. Makapu anayi a timasupuni titatu, 12 yakwana kale. Apo simunawerenge mabisiketi, jamu wa pa buledi, kondensi, ndi zakumwa za m'botolo.

Ndiye chitani motere. Tiyi wa shuga muzimwa pa nthawi ya chakudya, mumumalize nthawi imodzi, kenako mumwe madzi ofunda pang'ono n'kuchukucha. Wa m'fulasiki, wopsontha pofuna kufunda, akhale wopanda shuga. Rooibos ndi wosavuta kumwa wopanda shuga chifukwa sawawa ngati tiyi wakuda, alibe caffeine wothawitsa tulo uja, ndipo kuno amapezeka paliponse. Musasiye shuga tsiku limodzi, mudzabwerera. Chotsani theka la kasupuni sabata iliyonse. Pofika August lilime limakhala litazolowera, ndipo tiyi wa masupuni atatu amayamba kukulakani. Njala ya pakati pa zakudya ithetseni ndi mtedza, dzira lowiritsa kapena mbatata m'malo mwa maswiti ndi mabisiketi.

Chinanso, musatuluke panja kukamwa madzi ozizira mutangomaliza tiyi wotentha kwambiri. Dzino lofooka, kapena limene linamatidwa, limamva kwambiri kusintha kwadzidzidzi kotere.

Kukamwa kukauma

Malovu timawaona ngati chinthu wamba, koma ndi amene amalondera mano. Munthu wamkulu amapanga pakati pa theka la lita ndi lita imodzi ndi theka patsiku. Amatsuka zotsalira za chakudya, amapha mphamvu ya asidi, ndipo amabwezeretsa mchere umene enamel yataya. Nyengo ino zinthu zambiri zimawachepetsa nthawi imodzi: mpweya wouma wa kuno, hita m'chipinda, ludzu losamveka chifukwa kukuzizira, mphuno zotseka zimene zimatigonetsa kukamwa kuli yasa, ndi mapiritsi a chimfine oumitsa mamina, amene amaumitsanso malovu. Mukamadzuka lilime litamatirira, fungo la m'kamwa litasintha, chifukwa chake n'chimenechi.

Musadikire ludzu. Yendani ndi botolo la madzi, ndipo ngati ozizira akukulasani, imwani ofunda. Mukatha kudya masana kuntchito kumene simungatsuke mano, tafunani chingamu chopanda shuga kwa mphindi khumi kapena kuposerapo, chimatulutsa malovu. Musanagone, tsegulani mphuno ndi timadzi ta mchere togula ku famase kapena nthunzi ya madzi otentha. Fodya ndi mowa zimaumitsa kukamwa kwambiri, ndipo kachasu kapena bulande sizifunditsa thupi monga anthu amanenera, zimangokupusitsani khungu. Ngati kukamwa kukuuma tsiku lililonse, ludzu silikutha ndipo mukukodza pafupipafupi, kayezetseni shuga. Amene mumamwa mankhwala a BP, ena mwa iwo amaumitsa kukamwa. Musawasiye, koma auzeni anesi.

Pa nkhani ya kufunda ndinene chimodzi chimene si cha mano, koma sindingachidumphe. Mbaula, imene anzathu a kuno amati imbawula, musagone nayo m'chipinda chotseka. N'chimodzimodzi hita ya palafini kapena ya gasi. Mpweya wake woipa sununkha ndipo umapha anthu ali mtulo. Itulutseni kapena izimitseni musanagone.

Mankhwala a chimfine ndi chifuwa

Chimfine chikagwira, aliyense ali ndi kaphikidwe kake: ndimu, jinja, uchi, adyo. Zimafewetsa kukhosi, sindikutsutsa. Koma ndimu ndi asidi weniweni, ndipo uchi kwa tizilombo ta m'kamwa ndi shuga basi. Imwani nthawi imodzi, osati kupsontha tsiku lonse, kenako chukuchani ndi madzi. Musatsuke mano nthawi yomweyo, dikirani mphindi 30, chifukwa asidi amafewetsa enamel ndipo mswachi umaipala ikadali yofewa. N'chimodzimodzi mukadya malalanje ndi manachesi, amene nyengo ino amadzaza m'misewu pa mtengo wotsika. Idyani ndithu, ndi abwino m'thupi, koma osamayamwa ndimu kapena kusunga lalanje pa mano. Mukasanza, lamulo ndi lomwelo: madzi kaye, mswachi pambuyo.

Maswiti a chifuwa ndi oopsa kuposa mmene amaonekera. Ambiri ndi shuga wolimba, ndipo munthu amaika limodzi m'tsaya n'kulisiya lisungunuke, likatha n'kuika lina, ena mpaka kugona nalo. Funsani opanda shuga, alipo. Mankhwala a madzi a chifuwa nawonso ambiri amakhala otsekemera, choncho mukamwa omaliza a usiku, tsukani mano pambuyo pake, osati musanamwe. Amene muli ndi mphumu ndipo nyengo ino mukupopera pafupipafupi, chukuchani ndi kulavula mukatha kupopera mankhwala oteteza aja, kuti m'kamwa musamere zoyera.

Milomo

Milomo ikauma, lilime limathamangira kukanyambita. Malovu akauma amasiya milomo youma kuposa poyamba, kenako imang'ambika n'kutuluka magazi. Pakani Vaseline kapena mafuta ena a milomo musanatuluke m'mawa ndiponso pogona, ndipo musasende timakungu. Kabotolo kanu kakhale kanu nokha. Amene mumagwira ntchito panja, dzuwa la kuno limawotcha ngakhale kukuzizira, ndiye pezani mafuta a milomo oteteza ku dzuwa, olembedwa SPF.

Pali timatuza timene timatuluka pamlomo munthu akadwala chimfine kapena akatentha thupi, timene kwathu ena amati ndi malungo akutuluka. Timayamba ndi kachilombo kotchedwa herpes simplex, kamene anthu ambiri anakatenga ali ana ndipo kamangogona m'thupi, n'kumadzuka thupi likafooka, dzuwa likawotcha kapena mphepo ikaumitsa milomo. Mukangomva kunyerenyetsa pamalo paja, tuza lisanatuluke, pakani mafuta a aciclovir ochokera ku famase. Timapola patatha sabata imodzi kapena masiku khumi. Nthawi imeneyi musabwerekane kapu, supuni kapena thawulo, ndipo chonde musapsompsone khanda. Kwa mwana wongobadwa kumene kachilomboka kangathe kupha.

Ngati m'mbali mwa kamwa mwang'ambika ndipo simukupola, kapena lilime layera ngati chambiko, musangopaka mafuta. Pena ndi kuchepa kwa magazi, pena shuga, pena chitetezo cha m'thupi chatsika. Kuyezetsa HIV m'makiliniki a boma ndi kwaulere. Chilonda chilichonse cha m'kamwa chimene chatha masabata atatu osapola chionedwe ndi dokotala, makamaka kwa osuta ndi ofwenkha fodya.

Ana

Amayi ndi abambo, mwana asagone ndi botolo la tiyi wa shuga kapena juwisi pofuna kuti afunde. Mano a kutsogolo amawola onse pamodzi. Wosakwana zaka 3 mupakireni kolijeti wochepa ngati kambewu ka mpunga, wa zaka 3 mpaka 6 ngati nsawawa imodzi, ndipo muzimutsuka nokha kapena kumuyang'anira mpaka zaka 7. Akamakwanitsa zaka 6, kumbuyo kwenikweni kumamera mano akuluakulu popanda lina kuguluka. Makolo ambiri amayesa ndi a ubwana n'kuwalekerera, chonsecho ndi okhalitsa, sadzameranso ena. Mwana akamakana madzi ozizira kapena akamatafunira mbali imodzi, muyang'aneni m'kamwa ndi tochi ya foni.

Pogona

Kutsuka kwa usiku ndi kofunika kuposa kwa m'mawa, chifukwa mtulo malovu amachepa kwambiri ndipo chilichonse chotsala pa mano chimakhala pomwepo mpaka kuche. Ndikudziwa mmene zimavutira ngati mpopi uli panja, anthu khumi pa mpopi umodzi, mphepo ikuwomba. Ndiye musadikire kuti tulo tikugwireni. Konzani kapu ya madzi ofunda ndi kabeseni m'chipinda momwemo, mutsuke musanalowe m'bulangete. Chotsani zotsalira pakati pa mano ndi ulusi wake uja wa floss, osati singano, pini kapena machesi. Nkhama zikatuluka magazi musasiye kutsuka pamenepo, chifukwa nthawi zambiri ndi chiyambi cha chiseyeye, ndipo chimachepa mukamatsuka bwino mofatsa. Zikapitirira masabata awiri, pitani kukiliniki.

Mukamaliza, tengani kolijeti wa mano oyayamira pang'ono pa chala, mupake pa dzino lovutalo m'mphepete mwa nkhama, n'kugona osachukucha. Kuchokera apo, cholowa m'kamwa chikhale madzi okha. Ogwira ntchito usiku, chitani zomwezi m'mawa musanagone.

Dzino likakugwirani pakati pa usiku

Sungunulani theka la kasupuni ka mchere m'kapu ya madzi ofunda, muchukuche n'kulavula. Chotsani chakudya chimene chalowa m'bowo. Munthu wamkulu amwe panado awiri a 500 mg, ndipo angabwereze pakatha maola 4 mpaka 6, koma asapitirire mapiritsi 8 pa maola 24. Chenjerani apa: mankhwala ambiri a chimfine ndi a mutu ali kale ndi panado m'kati, ndiye mukaphatikiza mungawononge chiwindi. Safunsa anadya phula, afunseni a ku famase. Bulufeni amathandiza pa ululu wa dzino, koma amwedwe mutadya, ndipo si wa amayi oyembekezera, a zilonda za m'mimba kapena a vuto la impso. Gonani mutu uli pamwamba, pa mapilo awiri.

Musaike piritsi kapena mankhwala a ufa a mutu, ogula m'timashopu ta spaza aja, pa dzino kapena pa nkhama. Ambiri ali ndi aspirin, amene amawotcha nkhama n'kusiya chilonda choyera, dzino likuwawabe. Anapangidwa kuti azimezedwa, ndipo ana osakwana zaka 16 asapatsidwe aspirin. Za palafini, sipiriti, mafuta a mabuleki kapena madzi a batire, zimene anthu amalangizana ululu ukafika posauzana, ndikupemphani musayese n'komwe. Tsaya likatupa musaikepo botolo la madzi otentha ngakhale kukuzizira chotani, ikani kansalu konyowa kozizira. Makapisozi opha tizilombo otsala kwa mnzanu musamwe: satseka bowo, ndipo kumwa mwachisawawa kumapangitsa kuti adzakane kugwira ntchito tsiku limene mudzawafune.

Dzino limene linkawawa kwambiri likangoleka lokha, musati lachira. Nthawi zambiri ndiye kuti mtsempha wafa, ndipo mafinya akusonkhana kunsi kwa muzu. Kutupa kukafika cha kudiso kapena kutsikira pansi pa chibwano ndi kukhosi, thupi likatentha, mukamalephera kuyasamula, kumeza kapena kupuma, musadikire kuti kuche. Pitani kuchipatala chachikulu usiku womwewo, kapena imbani 112 pa foni ya m'manja. Gawo 27 la malamulo aakulu a dziko la South Africa limanena kuti munthu aliyense asakanizidwe thandizo la chipatala pa vuto ladzidzidzi.

Kupita kwa dokotala wa mano

Ndikudziwa chimene chimatichedwetsa. Tsiku limodzi losapita kuntchito ndi ndalama, ena timaopa kufunsidwa mapepala, ena chilankhulo, ena manyazi kuti mano afika poipa. Koma mbewa ya manyazi inafera kuuna. Kabowo kakang'ono amangokamata tsiku limodzi, dzino n'kukhala zaka. Mukadikira mpaka tsaya litatupa, chotsala chimakhala kuzula kapena chithandizo chodula cha muzu.

Yambirani kukiliniki ya boma ya dera lanu, mufunse ngati pali gawo la mano ndi masiku amene limagwira ntchito, chifukwa si kiliniki iliyonse ili nalo. Zikakhala zazikulu amakulemberani kalata yopita kuchipatala. Ku Parktown, pa chipatala cha Charlotte Maxeke, pali Wits Oral Health Centre, kumene amaphunzitsira madokotala a mano a yunivesite ya Wits ndipo amathandiza odwala. Funsiranitu za malipiro ndi zikalata zofunika. Ngati mwasankha dokotala wolipira, funsani mtengo wopima ndi womata asanayambe.

Mukakhala pampando paja, musangoti "zulani". Fotokozani zimene munamvetsera zija: chimayambitsa ululu n'chiyani, umatenga nthawi yaitali bwanji, ngati umakudzutsani usiku. Funsani ngati dzinolo lingamatidwe. Ngati ndi kuyayamira chabe, ali ndi mankhwala a fluoride amphamvu amene amapaka pa muzu, kapena amaphimba malowo. Nenani mankhwala onse amene mumamwa, kuphatikizapo ma ARV, a shuga, a BP ndi ochepetsa kuundana kwa magazi, ndipo amayi nenani ngati muli oyembekezera. Ngati Chingerezi kapena Chizulu chikukuvutani, tengani m'bale woti akuyankhulireni. Mzere wa kukiliniki umayamba kusanache, ndiye idyani kaye, valani zofunda, tengani khadi lanu ndi botolo la madzi ofunda, sikafu ili pakamwa.